Ntchito ya bambo, thukuta la mwana

Chipatso cha koko chimamera pathunthu penipeni pa mtengo, ndipo khungu lake n'lolimba. Kuti nyemba zam'kati zituluke, munthu amachigwira kudzanja lamanzere n'kuchitema ndi chikwanje kawiri kapena katatu, mpeniwo ukutera pafupi kwambiri ndi zala. Ku Côte d'Ivoire ndi ku Ghana, mayiko awiri amene amalima pafupifupi 60 peresenti ya koko yense wa padziko lapansi, zokolola zazikulu zimayamba mu Okutobala, sukulu zitangotsegulira kumene. Mulu wa zipatso ukakula pansi pa mitengo, aliyense wapakhomopo amene angathe kunyamula chikwanje amafunika.

Mu 2020, bungwe la NORC la ku University of Chicago lidatulutsa zotsatira za kafukufuku amene boma la America lidalipirira. Lidapeza kuti m'nyengo ya 2018/19, ana 1.56 miliyoni ankagwira ntchito zoposa msinkhu wawo m'minda ya koko ya mayiko awiriwa, ndipo 1.48 miliyoni mwa iwo ankagwira ntchito zoika moyo pachiswe: kutema ndi zida zakuthwa, kusenza matumba olemera, kuswa mphanje ndi kukhudzana ndi mankhwala opopera mbewu. Pankhani ya mankhwalayi zinthu zidafika poipa kwambiri, chifukwa m'zaka khumi chiwerengero cha ana okhudzidwa chidachoka pa 5 peresenti kufika pa 24 peresenti.

Chopweteka n'chakuti makampani akuluakulu a chokoleti adali atalonjeza kale. Mu 2001, aphungu awiri a ku America, Tom Harkin ndi Eliot Engel, adawasainitsa pangano lakuti athetse ntchito zoipitsitsa za ana m'minda ya koko pofika 2005. Chaka cha 2005 chitafika adati 2008. Kenaka adati 2010. Mu 2010 adachepetsanso lonjezolo n'kunena kuti pofika 2020 adzakhala atachepetsa vutoli ndi 70 peresenti. Nalonso silidatheke. Amuna asanu ndi mmodzi a ku Mali, amene ankati adagulitsidwa ali ana n'kukagwiritsidwa ntchito yaukapolo m'minda ya ku Côte d'Ivoire, adasumira makampani a Nestlé ndi Cargill ku America. Mu Juni 2021 khoti lalikulu kwambiri m'dzikolo lidagamula kuti mlanduwo sungapitirire, pa chifukwa chakuti zomwe ankadandaulazo zidachitikira kunja kwa America.

Koko ndi chitsanzo chimodzi chabe. Lipoti la mabungwe a ILO ndi UNICEF lomwe lidatuluka mu Juni 2025 likuti ana 138 miliyoni a zaka 5 mpaka 17 ali pantchito zosayenera msinkhu wawo, ndipo 54 miliyoni ali pantchito zoopsa. Ana amenewa kuchuluka kwawo kukuposa anthu onse a m'Malawi kasanu ndi kamodzi. Chiwerengerochi chatsika ndithu, poti mu 2000 chidali pa 246 miliyoni ndipo mu 2020 chidali pa 160 miliyoni. Komabe mayiko a m'bungwe la United Nations adagwirizana mu 2015 kuti pofika 2025 pasadzakhale mwana ndi mmodzi yemwe wogwiritsidwa ntchito. Lipotilo likuti kuti zimenezi zitheke ngakhale pofika 2030, liwiro liyenera kuwirikiza ka 11.

Apa wina angadzutse mutu n'kufunsa ngati kutuma mwana kukatunga madzi kwasanduka mlandu. Makolo ambiri amati m'mera mpoyamba, mwana amene sanagwirepo khasu adzavutika akadzakula, ndipo sakunama. Malamulo nawo satsutsana ndi zimenezo. Kutsuka mbale, kusesa pabwalo, kuperekeza amayi kudimba Loweruka m'mawa, zonsezi sizili m'chiwerengero chija. Pangano la ILO nambala 138 la mu 1973 limati mwana asalembedwe ntchito asanakwane zaka 15, kapena 14 m'mayiko osauka, koma limalola tintchito topepuka kuyambira zaka 13 kapena 12. Pangano nambala 182 la mu 1999 limaletsa kotheratu ukapolo, uhule, usilikali ndi ntchito zoopsa kwa aliyense wosakwana zaka 18, ndipo dziko la Tonga litalivomereza mu Ogasiti 2020, lidakhala pangano loyamba la ILO kuvomerezedwa ndi mayiko onse 187 a m'bungweli. Chimene chikuwerengedwa ndi ntchito yomwe imamulanda mwana sukulu, thanzi kapena tulo.

Bwana wake ndi ndani?

Anthu akamva za nkhaniyi amaganiza za fakitale yamdima ndi kapitawo wankhanza ali ndi chikoti m'manja. Malo oterewa alipo, koma si kumene ana ambiri ali. Pa ana 100 aliwonse ogwira ntchito, 61 ali ku ulimi, 27 ali pa ntchito monga kugulitsa malonda ndi kusamala nyumba za anthu, ndipo otsalawo ndiwo ali m'mafakitale, m'migodi ndi pa zomangamanga. Lipoti la ILO ndi UNICEF la mu 2021 lidasonyezanso kuti ana 72 pa 100 aliwonse amagwira ntchitoyo m'banja mwawo momwe. Bwana wa mwanayo nthawi zambiri ndi bambo ake omubereka, mayi ake, agogo kapena amalume.

Izi zikusintha funso lonse. Kholo la ku Soubré m'dziko la Côte d'Ivoire kapena la ku Kasungu limakonda mwana wake ngati kholo lina lililonse. Limamudzutsa m'bandakucha chifukwa masamu a pakhomopo sakutuluka. Kafukufuku wosiyanasiyana wakhala akupeza kuti mlimi wa koko ku Côte d'Ivoire amapeza ndalama yosakwana dola imodzi patsiku, ndipo pa mtengo wa chokoleti chogulitsidwa m'sitolo ya ku London kapena ku Zurich, gawo lofika kwa mlimi limangokhala cha m'ma 6 kapena 7 peresenti. Munthu wopeza zimenezi sangalembe waganyu wamkulu. Munda sudikira, zipatso zikapsa zimawola, ndiye amayang'ana amene ali pafupi komanso wosalipidwa.

Akatswiri a zachuma awiri, Kaushik Basu ndi Pham Hoang Van, adalongosola zimenezi mu 1998. Adati banja limatumiza mwana kuntchito pokhapokha zomwe akuluakulu akupeza zatsika kufika posakwanira kudya, ndipo ana akachuluka pamsika wa ntchito amatsitsanso malipiro a akuluakulu omwewo, chifukwa wolemba ntchito ali ndi womulemba wotchipa. Choncho umphawi umatulutsa ana kusukulu, ndipo ntchito ya anawo imalimbitsa umphawiwo. Ku Kagera, m'dziko la Tanzania, ofufuza adatsatira mabanja kwa zaka zingapo n'kupeza kuti mbewu zikaonongeka mwadzidzidzi ndi tizilombo kapena moto, maola omwe ana amagwira ntchito amakwera, koma m'mabanja okhala ndi katundu woti angagulitse kapena kupinyolitsa samakwera kwambiri. Ku Vietnam kudachitika zotembenuza. Boma litamasula malonda a mpunga m'zaka za m'ma 1990, mtengo udakwera, alimi adayamba kupeza bwino, ndipo ana ambiri, makamaka atsikana okulirapo, adachoka m'minda n'kubwerera m'kalasi popanda wapolisi kuwathamangitsa.

Nkhondo, imfa ya makolo, chilala ndi sukulu zakutali zimangowonjezera pamwamba. Ana othawa nkhondo ku Syria adadzaza m'minda ya m'chigwa cha Bekaa ku Lebanon ndi m'tinyumba tosokera zovala ku Turkey. Kuno kum'mwera kwa Sahara kuli ana 87 miliyoni ogwira ntchito, pafupifupi awiri mwa atatu aliwonse a dziko lonse, ndipo chiwerengerochi chikukana kutsika chifukwa ana akubadwa mofulumira kuposa mmene sukulu ndi ntchito za akuluakulu zikuchulukira.

Ngongole yosatha

Pali njira ina imene mwana amagwera m'ntchito, ndipo ndi yankhanza kuposa zonse. Iqbal Masih adabadwira ku Muridke, pafupi ndi Lahore m'dziko la Pakistan. Ali ndi zaka zinayi, banja lake lidakongola ndalama zokwana marupi 600 kwa mwini fakitale yoluka makapeti, ndipo chikole chake chidali mwanayo. Ankaluka maola 12 patsiku. Chakudya chomwe ankadya, zida zomwe ankagwiritsa ntchito ndi chilango cha ulusi uliwonse wolakwika zinkalembedwa m'buku la ngongole, moti patatha zaka zisanu ndi chimodzi ngongoleyo idali itafika pa marupi 13,000. Adathawa ali ndi zaka khumi, atamva kuti lamulo la mu 1992 lidathetsa ukapolo wa ngongole m'dzikolo. Adayamba sukulu, adalankhula m'misonkhano ku Stockholm ndi ku Boston, ndipo anthu ankadabwa kuona mnyamata wa zaka 12 ali ndi thupi la mwana wa zaka zisanu ndi chimodzi. Pa 16 Epulo 1995, tsiku la Isitala, adawomberedwa akupalasa njinga kwawo. Mpaka lero anthu amatsutsana ngati eni mafakitale adali ndi dzanja pa imfayo.

Nkhani ya buku la ngongole si yachilendo kwa aliyense amene adakhalapo pa esiteti ya fodya. Kwa zaka zambiri, mathiraki akhala akutenga mabanja ku Mulanje, Phalombe, Thyolo, Machinga ndi Mangochi, kumene malo olima ndi ochepa, kupita nawo ku Kasungu, Mchinji, Dowa, Mzimba ndi Rumphi kukakhala matenanti. Bwana amapereka munda, mbewu, feteleza ndi phoso, zonse pangongole. Tenanti salandira kanthu mwezi ndi mwezi. Amadikira mpaka fodya atagulitsidwa, ndipo mtengo wogulira fodyayo amaika ndi bwana yemweyo. Akachotsera feteleza, chimanga, mchere, ndalama ya thiransipoti ndi ya kuchipatala, ena amatsala ndi kangachepe, ena amauzidwa kuti atsala ndi ngongole ndipo alimenso chaka chamawa.

Pepala la mgwirizano, ngati lilipo n'komwe, limakhala ndi dzina la bambo yekha. Koma munda umene wapatsidwa sungalimidwe ndi munthu mmodzi, ndipo onse awiri, bwana ndi tenanti, amadziwa zimenezo. Fodya wa bale ndi mbewu yosapumitsa: kuthirira nazale, kuunga mizere, kuwokera, kupalira, kuthira feteleza, kudula nsonga ndi mphukira, kuthyola, kusoka, kupachika m'chigafa, kusankha, kumanga ndi kudinda mabelo. Ntchito yothyola ndi kusoka imagundana ndi teremu yachiwiri ya sukulu. N'chifukwa chake olemba matenanti amakonda munthu wabanja lalikulu kusiyana ndi mbeta. Salemba mwana, koma amawerengera manja ake.

Kafukufuku wa boma wa mu 2015 adapeza kuti ana 38 pa 100 aliwonse a zaka 5 mpaka 17 m'Malawi, omwe ndi oposa 2 miliyoni, adali pantchito zosayenera, ndipo ambiri mwa iwo adali ku ulimi.

Zomwe thupi limakumbukira

Tsamba la fodya likanyowa ndi mame kapena mvula, chikonga chimasungunuka n'kulowa m'thupi kudzera pakhungu. Wothyolayo amayamba kumva chizungulire, mutu, nseru, kusanza ndi kufooka. Madokotala amawadziwa bwino matendawa, ndipo amagwira ana msanga chifukwa thupi lawo ndi laling'ono komanso silinazolowere chikonga. Mu 2009 bungwe la Plan International lidati ana osachepera 78,000 ankagwira ntchito m'maesiteti a fodya m'Malawi, ndipo patsiku lachinyezi mwana ankatha kuyamwa chikonga chofika mamiligalamu 54, chofanana ndi cha ndudu 50. Mwana amene akanakwapulidwa atapezeka akusuta ndudu imodzi kuseri kwa nyumba amaweruka kumunda atamwa chikonga cha mapaketi awiri ndi theka, popanda womufunsa.

Kum'mwera kwa Democratic Republic of Congo, kumene kumachokera pafupifupi 70 peresenti ya cobalt wa padziko lonse, mwala wofunika m'mabatire a mafoni ndi a galimoto zamagetsi, UNICEF idayerekeza mu 2014 kuti ana 40,000 ankagwira ntchito m'migodi. Amnesty International itafika ku Kolwezi ndi madera ozungulira, idalemba mu 2016 za ana otola, kutsuka ndi kusenza miyala kwa maola 12 kuti apeze dola imodzi kapena awiri, opanda magolovesi kapena chotchinga kumphuno. Ku Jharkhand ndi Bihar m'dziko la India komanso kum'mwera kwa Madagascar, ana amakwawa m'maenje kukumba mica, mwala wonyezimira umene umathera mu utoto wa galimoto, m'zipangizo zamagetsi ndi m'zodzoladzola.

Ku Ghana kuli nyanja ya Volta, yomwe idapangidwa ndi damu la Akosombo mu 1965. Madzi adamiza nkhalango, ndipo mitengo yake idakali chiimire pansi pa nyanjayo. Ukonde ukakodwa m'nthambi, asodzi amatumiza kamnyamata kuti kamire kakaukole, poti zala zake ndi zazing'ono ndipo sikakana. Ena sabwereranso pamwamba. Ambiri mwa anyamatawa amachokera kumidzi ya m'mbali mwa nyanja yamchere, atatengedwa kwa makolo awo ndi lonjezo la ndalama pang'ono ndi kuphunzira ntchito.

Ovuta kuwaona kwambiri ndi atsikana a m'nyumba za anthu. ILO idawerengera mu 2013 kuti ana 17.2 miliyoni ankagwira ntchito zapakhomo kwa anthu ena, ambiri mwa iwo atsikana. Ku Haiti, ku Dhaka, ku Lagos, ngakhalenso ku Area 25 ndi ku Ndirande, nkhani yake imayamba mofanana: wachibale wa m'tauni apempha mtsikana wakumudzi kuti adzamuphunzitse sukulu, ndipo mtsikanayo amathera pa kulera khanda, kuchapa ndi kukolopa, woyamba kudzuka komanso womaliza kugona. Woyendera malo antchito safika kuchipinda chochezera cha munthu, ndipo nkhanza zomwe zimachitika kumeneko, kuphatikizapo kugwiriridwa, zimathera mkati mwa mpanda. Ena mwa owerenga nkhani ino mwina tiyi wawo wa m'mawa uno wawiritsidwa ndi mwana wotere.

Bala limapola, koma sukulu yotayika sibwerera wamba. Ana ambiri ogwira ntchito amayesa kuphatikiza ziwirizi, ndipo amafika m'kalasi atatopa, kujomba nthawi yokolola, kubwereza kalasi, mpaka kudzichitira manyazi kukhala pakati pa ana aang'ono n'kusiya. Pa ana a zaka 5 mpaka 14 amene ali pantchito, pafupifupi mmodzi mwa atatu aliwonse sapita kusukulu n'komwe. Akadzakula osadziwa kuwerenga, sangathe kutsutsa zomwe kapitawo walemba m'buku la ngongole, ndipo mwana wawo adzalowa m'munda womwewo.

Olemera nawo adadutsamo, ndipo ena sanatulukemo

Pa 4 Julaye 1838, mvula yamphamvu idasefukira mu mgodi wa malasha wa Huskar ku Yorkshire, m'dziko la England, n'kumiza ana 26 a zaka 7 mpaka 17. Kafukufuku amene adatsatira ndiye adabala lamulo la mu 1842 loletsa akazi ndi anyamata osakwana zaka khumi kugwira ntchito pansi pa nthaka. Lamulo lina la mu 1833 lidali litaletsa kale ana osakwana zaka zisanu ndi zinayi m'mafakitale a nsalu, koma dziko lonselo lidapatsidwa oyendera mafakitale anayi okha. Zidatenga zaka zina makumi angapo, sukulu yokakamiza ndi kukwera kwa malipiro a akuluakulu kuti ana a ku Britain achokedi m'mafakitale. America idakhazikitsa lamulo lake lolimba mu 1938.

Lamulo la ku America lija lidasiya khomo lotsegula ku ulimi, ndipo mpaka lero mwana wa zaka 12 akhoza kulembedwa ntchito pamunda sukulu ikaweruka, makolo akavomera. Mu 2014 Human Rights Watch idapeza ana m'minda ya fodya ku North Carolina, Kentucky, Tennessee ndi Virginia akudandaula za kusanza ndi chizungulire chomwe chija cha ku Kasungu. Mu Febuluwale 2023, kampani ya Packers Sanitation Services idalipitsidwa chindapusa cha madola 1.5 miliyoni itapezeka kuti idalemba ana 102 a zaka 13 mpaka 17 kuti azitsuka macheka ndi makina ophera nyama usiku m'mafakitale 13. Ambiri mwa ana opezeka pantchito zoterezi ndi obwera kuchokera ku Central America, ena ali ndi ngongole ya amene adawaolotsa malire.

Kuletsa kokha

Mu 1992 Tom Harkin yemwe uja adapereka ku nyumba ya malamulo ya America bilu yoletsa katundu aliyense wopangidwa ndi ana. Biluyo siidadutse, koma mphekesera yake yokha idakwanira. Eni mafakitale a zovala ku Bangladesh adachita mantha n'kuchotsa ntchito ana pafupifupi 50,000, ambiri atsikana. UNICEF itawatsatira idapeza kuti ambiri sadapite kusukulu. Adakalowa ntchito yoswa miyala, kugulitsa m'misewu, ena uhule, ntchito zolipira pang'ono komanso zoopsa kuposa kusoka mabatani. Mu 1995 eni mafakitale, ILO ndi UNICEF adachita kusainirana pangano latsopano lakuti mwana asachotsedwe ntchito popanda malo kusukulu ndi kandalama ka mataka 300 pamwezi.

Ku India, akatswiri atatu, Prashant Bharadwaj, Leah Lakdawala ndi Nicholas Li, adaunika zomwe zidachitika lamulo la mu 1986 litaletsa ana m'ntchito zina. Adapeza kuti olemba ntchito adatsitsa malipiro a ana pofuna kubweza chiopsezo cha chindapusa, ndipo mabanja osaukitsitsa, poona kuti ndalama yachepa, adatumizanso mng'ono wake kuntchito. Ku Bolivia ana ogwira ntchito adapanga bungwe lawo n'kuchita zionetsero, akuti kuwaletsa kumangowabisa kumaso kwa lamulo. Mu 2014 boma lidawamvera n'kulola ana ena kudzigwirira ntchito kuyambira zaka khumi, koma khoti loona za malamulo aakulu a dzikolo lidakana, ndipo mu 2018 zaka zidabwerera pa 14.

Zimenezi sizikutanthauza kuti malamulo ndi achabe. Pamene wogwiritsa ana ntchito ndi boma kapena kampani yaikulu yosamala dzina lake, kukakamiza kumagwira. Ku Uzbekistan boma linkatseka sukulu chaka chilichonse n'kutumiza ana ndi aphunzitsi kukatola thonje. Makampani a zovala oposa 300 adanyanyala thonjelo, ILO idayamba kuyendera minda, boma lidakweza malipiro a otola n'kuchotsa chiwerengero chokakamiza chomwe chigawo chilichonse chinkayenera kukolola. Mu Malichi 2022 ILO idalengeza kuti mchitidwewo watha, ndipo idati ana pafupifupi 2 miliyoni adachotsedwa m'minda. Ku India, Kailash Satyarthi, amene adayambitsa gulu la Bachpan Bachao Andolan mu 1980 ndipo adalandira mphotho ya Nobel mu 2014 pamodzi ndi Malala Yousafzai, adathyola zitseko za mafakitale kupulumutsa ana zikwizikwi, komanso adayambitsa chizindikiro cha Rugmark chotsimikizira wogula kuti kapeti sadalukidwe ndi mwana.

Koma kumene bwana ndi kholo, chomwe chasonyeza mphamvu ndi ndalama yolowa m'nyumba ndi sukulu yoti mwana angaikonde. Mexico idayamba Progresa mu 1997, ndipo Brazil idayamba PETI mu 1996 ndi Bolsa Família mu 2003, kupatsa mayi ndalama mwezi ndi mwezi malinga ana akupita kusukulu. M'mayiko onse awiri ana ogwira ntchito adachepa. Malawi idayesa Mtukula Pakhomo koyamba ku Mchinji mu 2006, ndipo zotsatira zake ndi zophunzitsa. Ana a m'mabanja olandira ndalamazi adachepetsa maganyu a m'minda ya eni ndipo ambiri adabwerera kusukulu, koma mabanjawo atagula mbuzi, makasu ndi kukulitsa minda yawo, ntchito ya pakhomo idachuluka, ndipo ena mwa oigwira adali ana omwewo. Sukulu yaulere ya mu 1994 idakweza chiwerengero cha ana a ku pulayimale kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'chaka chimodzi, koma kalasi ya ana 100 pansi pa mtengo, yunifolomu ndi njala ya mu Febuluwale zimachititsa kholo kuwerengeranso ngati kusukuluko kuli phindu. Phala la kusukulu, lomwe ena amaliona ngati nkhani yaing'ono, ndi chimodzi mwa zinthu zomwe zimasunga mwana m'kalasi mwezi umenewo.

Fodya wa Malawi pamaso pa makhoti

Pa 1 Novembala 2019, nthambi yoona za katundu wolowa m'dziko la America idalamula kuti fodya yense wochokera ku Malawi azigwidwa padoko chifukwa cha umboni wa ntchito yokakamiza ndi ya ana. Makampani a Alliance One, Limbe Leaf ndi Premium adachotsedwa pa chiletsocho mmodzimmodzi mu 2020 ndi 2021, atasonyeza ndondomeko zawo zolondolozera alimi awo. Mu 2020, maloya a Leigh Day ku London adasumira British American Tobacco ndi Imperial Brands m'malo mwa matenanti ndi ana awo oposa 7,000 a ku Malawi, ponena kuti makampaniwo adalemera ndi thukuta lawo. Makampaniwo akukana mlanduwo, ndipo adapempha khoti kuti liutaye chifukwa odandaulawo sangasonyeze kuti fodya wawo adathera mu ndudu za makampaniwa. Mu Juni 2021 khoti lidakana pempholo.

Chaka chomwecho nyumba ya malamulo ku Lilongwe idasintha lamulo la ntchito n'kuthetsa utenanti, patatha zaka zoposa makumi awiri nkhaniyi ikukambidwa. Lamulo la mu 2000 lidali litaletsa kale kulemba ntchito mwana wosakwana zaka 14, ndipo la maphunziro la mu 2013 lidati pulayimale ndi yokakamiza. Papepala mwana wa ku Malawi ndi wotetezedwa mokwanira.

Kuthetsa utenanti kukutanthauza kuti wolima fodya wa bwana azilandira malipiro mwezi ndi mwezi ngati wantchito wina aliyense. Koma mwini esiteti yaing'ono amaona ndalama kamodzi pachaka, fodya akagulitsidwa ku okushoni ya Kanengo, Chinkhoma, Limbe kapena Mzuzu, ndipo chiwongoladzanja cha kubanki ndi chokwera moti ochepa ndiwo angakongole ndalama zolipirira antchito kwa miyezi isanu ndi inayi. Amene ali pamgwirizano ndi kampani amalandira zipangizo pangongole, ndipo kampaniyo imayamba yadula zake mabelo akagulidwa. Alangizi a makampani amayendera minda ndi mafomu ofunsa ngati pali mwana akusoka fodya, ndipo mlimi wopezeka ndi mwana akhoza kuchotsedwa pamgwirizano. Mtengo wa kilogalamu ya bale, womwe ungathandize mlimiyo kulemba waganyu wamkulu m'malo mwa mwana wake, umakambidwa kwina, pakati pa boma ndi makampani ogula ochepa, msika usanatsegulidwe mu Epulo.